Mzere wa thanki ya ku Chawama

Masekondi khumi alionse
kachipangizo ka pa thanki kamafunsa madzi:
mwalekeza pati?
Madzi amayankha ndi nambala.
Nambalayo imadutsa pamwamba pa malata a ku Misisi,
pamwamba pa njanji ndi mashopu otseka a ku Kamwala,
n'kudzagwera pa sikirini yanga ngati kambewu ka mpiru.

Ntchito yanga ndi imeneyi, usiku,
chipinda chachiwiri kumanzere,
fani ikulira ngati ili ndi chifuwa.
Madzi amene apita sindiwawerenga ine.
Amenewo ali ndi mita yawo,
yongokwera, yosadziwa kubwerera, ngati zaka za munthu.
Ine ndimasunga "pakali pano".
Mamita awiri ndi theka, 02:40:10.
Ndisanatseke pakamwa, pafika pakali pano wina.

Kadontho kamodzi n'kosalankhula.
Koma tilumikizeni timadonthoto muone:
folo koloko mzere uyamba kutsetsereka,
ndiye kuti azimayi a vitumbuwa atsekula mipopi.
Sikisi, ana a sukulu akukuwa ndi madzi ozizira.
Loweruka umagwa chagada, komboni yonse ikuchapa.
Sindinaone nkhope ya munthu,
koma ludzu lawo ndimalidziwa ndi mphindi yake.

Lachitatu magetsi anapita, batire nayo inagona.
Maola atatu opanda kadontho.
M'mawa a Njobvu anaima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi:
"Zelipa, kokani mzere pamenepo,
lipoti lisapite kwa mabwana lili logweluka mano."
Ndinati ayi, bwana.
Ndikalemba ziro ndanama, thanki sinaume.
Ndikakoka mzere wowongoka ndanamanso,
kungoti bodzalo lavala tayi.
Pamene sindinaone, pakhale poyera.
Anapukusa mutu, tiyi n'kudonthera pa nsapato.

Komatu nayo nkhokwe ya manambala imadzaza.
Sabata yoyamba imasunga kadontho kalikonse.
Kenako imatiphatikiza, tisanu ndi kamodzi kukhala kamodzi.
Ukatha mwezi, ola lonse ndi nambala imodzi.
Chikatha chaka, tsiku.
Akuti avereji.
Palibe amafufuta, palibe wakuba,
kumangokhala kusalaza pang'onopang'ono
monga achitira mapazi pa sitepe ya simenti.

Mu Juni chaka chatha atate anatisiya.
Pamaliro anthu anatunga usiku wonse,
migolo iwiri yobwereka, zigubu za mafuta ophikira,
mpopi wa kwa a Daka sunatsekedwe mpaka kucha.
Nditabwerera kuntchito sindinauze munthu,
ndinangobweza galafu masiku asanu m'mbuyo.
Ndinakapeza: kachigwa pakati pa usiku,
nthawi imene mzere umayenera kukwera.
Ndinaloza ndi chala, ndinati apa ndi azakhali a Tisauke,
apa ndi anyamata a kwaya, apa ndine,
ndikutsuka makapu a anthu osawadziwa
kuti manja akhale ndi chochita.

Mu Ogasiti kachigwa kaja kanali kakhwinya chabe.
Ndikanasindikiza pa pepala.
Makina anali pomwepo, pepala linalipo,
ndinati mawa.

Lero ndatsekulanso.
Tsiku lonse lija ndi kadontho kamodzi,
1.9,
pakati pa 2.0 ndi 2.0.
Tsiku wamba la nyengo yozizira.
Ndipo kompyuta sinaname, ndicho chikundiwawa.
Nanenso mawu a atate ndikawafuna
ndimapeza avereji:
munthu wofatsa, wokonda mpira wa pa wailesi.
Chifuwa chawo cha m'bandakucha, chija chinkandidzutsa,
sindikudziwa chinalowa mu ola liti.

03:58.
Kunja galu wa alonda wauwa kawiri, wasiya.
Mzere waima pamwamba, ukupuma.
Kwinakwake kuseri kwa msika
wina wavundukula bulangeti, akufufuza patapata ndi phazi,
wanyamula ndowa.

2.61.
2.61.
2.60.